Mchere ndi kutentha kwa madzi poswetsa Artemia

Alimi amene mumaswetsa ana a nsomba, mukudziwa kuti masiku oyambirira tinsombato timafuna chakudya chamoyo. Ambiri mumadalira Artemia, tizilombo ting'onoting'ono ta gulu la nkhanu tomwe timakhala m'nyanja zamchere wambiri monga Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America. Mazira ake amagulidwa ouma, ndipo akakanika kuswa anthu amafulumira kuloza chala wogulitsa. Chonde, yambani mwayeza madzi anu.

Dzira louma limayamba lamwa madzi, kenako chikhungwa chake chimang'ambika. Mchere ukachuluka kwambiri, madzi salowa bwino m'dziramo, motero kakhanda kamatha mphamvu kasanatuluke. Sungunulani magalamu 25 mpaka 30 a mchere pa lita imodzi, pamene madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Yezani pasikelo, osati ndi maso. Mazira akhale magalamu 2 pa lita.

Kutentha ndiye kumene ambiri amalakwitsa. Madzi akhale pakati pa madigiri 25 ndi 28 a Celsius, ndipo pakatha maola pafupifupi 24 mudzaona timakhanda tikusambira. Akazizira kuposa apo, kuswa kumachedwa, komabe mazira amakhala amoyo. Akapyola madigiri 33, mazira amawonongeka osabwereranso. Chidebe chosiyidwa padzuwa masana chimafika pamenepo mosavuta. Madzi otentha ndiponso amchere amasunga mpweya wa okosijeni wochepa, choncho pampu yopopera mpweya m'madzimo isazime usiku wonse.

Chinthu china chomwe ndimakonda kukumbutsa ndi ichi: madzi akamauma m'chidebe, mchere suchoka nawo. Umatsalira momwemo n'kumachulukirachulukira. Powonjezera, thirani madzi opanda mchere, pang'onopang'ono, otentha mofanana ndi omwe alimo. Kusintha kwadzidzidzi kumapha tizilomboti msanga kuposa kusintha kwapang'onopang'ono.

Mazira akangoswa, kololani timakhanda ta Artemia. Timakhandati timadya chakudya chomwe tabadwa nacho m'thupi, ndipo m'madzi ofunda chimatha msanga, nsomba zanu n'kudya zopanda thanzi. Totsala tisungeni pamalo ozizira, madigiri 4 mpaka 10, mukupoperabe mpweya. Ngati nsomba zanu ndi za m'madzi opanda mchere, tsukani Artemia ndipo muzipereka pang'ono nthawi imodzi, chifukwa m'madzi otero timafa pakangopita maola ochepa n'kuyamba kuwolera pansi pa thanki.