Galasi la Chitseko cha Galimoto Likakana Kukwera, Musathamangire Kugula Mota

Galimoto zambiri zomwe zimabwera kuchokera ku Japan zitagwirako kale ntchito, monga Toyota Vitz, Sienta, Mazda Demio ndi Nissan Note, zili ndi magalasi a m'zitseko oyendera magetsi. Galasi lotere likaima panjira, eni galimoto ambiri amathamangira kukagula mota yoyendetsa galasilo, chonsecho chomwe chafa chikhoza kukhala fyuzi, swichi kapena waya mmodzi. Langizo lathu ndi lakuti muyambe mwafufuza zotchipa, ndipo chitseko muchitsegule pomaliza.

Poyamba onani batani lokiya magalasi lomwe lili pachitseko cha dalaivala, chifukwa likadinidwa mwangozi magalasi a okwera sayenda ngakhale zonse zili bwino. Ngati magalasi onse afera limodzi, kayikirani fyuzi kapena swichi yaikulu ya dalaivala. Fyuzi yopsa muisinthe ndi ina ya nambala yomweyo. Chizolowezi chomangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'choopsa, pakuti mawaya ndiwo amapsa m'malo mwa fyuziyo. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, nthawi zambiri pamakhala waya wosupuka womwe ukugunda chitsulo.

Vuto likakhala pa galasi limodzi, liyeseni ndi swichi ya pachitseko chake komanso ndi ya dalaivala; likayenda ndi imodzi, yolakwa ndi inayo. Zonse zikakana, tembenuzani kiyi osaliza injini, yatsani getsi la m'kati mwa galimoto, kenaka dinani swichi khutu lili pachitseko. Mukamva mota ikulira kapena kukukuta koma galasi lili chiimire, ndiye kuti mota ili moyo ndipo chawonongeka ndi regulator, chitsulo chomwe chimanyamula galasilo: mwina chingwe chake chaduka, mwina timapulasitiki togwira galasi tathyoka. Mukapanda kumva kanthu koma getsi lija n'kuzirala pang'ono, magetsi akufika ndithu ku mota, koma motayo yagwira kapena galasi lapanikizika m'njira mwake. Kukakhala zii, getsi osasintha, magetsi sakufika kapena mota yaferatu m'kati. Apa pamene amaiwala ambiri ndi pa labala wopindikapindika wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, momwe mumadutsa mawaya. Mawayawo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, ndipo cha dalaivala ndicho chimatsegulidwa kwambiri. Gwirani swichi uku mukukankha chitseko pang'onopang'ono; galasi likadzidzimuka n'kuyenda pang'ono, waya woduka ali momwemo.

Galasi loyenda mwaulesi nthawi zambiri limalemedwa ndi fumbi lomwe launjikana m'malabala a m'mbali. Pukutani ndi kansalu konyowa, mupoperemo mafuta a silicone. Girizi ndi oyilo wa injini musaikemo, chifukwa amawononga labala ndi kukoka fumbi lina.

Pofuna kutsegula chitseko, chotsani kaye waya wa negative pa batire. Masulani masikuluwu obisika pa chogwirira, kenaka tukulani chophimba cha m'kati mofatsa kuti timapini take tisathyoke. Pepala la pulasitiki lomwe mulipeze m'katimo musalitaye. Ndilo limatchinga madzi a mvula kuti asafike ku maswichi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amakaniko ena amaling'amba n'kulisiya pansi. Zulani pulagi ya mota, bwezerani batire, tembenuzani kiyi, ndipo muyeze pa pulagiyo ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi: pa mota ya mawaya awiri muyenera kuona mavolti pafupifupi 12 podinira kukweza, ndi 12 omwewo koma otembenuka podinira kutsitsa. Akapezeka mbali zonse, mota ndiyo yafa. Mota yokhala ndi mawaya ochuluka, ya galasi lokwera lokha mukangodina kamodzi, musailumikize mwachindunji ku batire, koma muisiyire katswiri wa magetsi a galimoto.

Musanamasule mabawuti a regulator, chotsaninso batire, kwezani galasi ndi manja ndipo mulimange ndi tepi yolimba kudutsa pamwamba pa chitseko. Regulator yooneka ngati sizasi imakhala ndi sipuling'i yamphamvu yomwe ikhoza kudula chala mota ikangochotsedwa, choncho manja asakhale pakati pa zitsulozo. Regulator ya chingwe ikaduka, kulumikiza n'kutaya nthawi, imasinthidwa yonse. Popita kukagula nyamulani yakaleyo, chifukwa ya kumanja ndi ya kumanzere sizifanana.

Mukabwezera zonse, galasi lokwera lokha likhoza kukana kutero chifukwa batire linachotsedwa. Pa galimoto zambiri za Toyota mumalitsitsa, kenaka kulikweza mpaka litatsekeka, n'kugwirabe swichi m'mwamba kwa masekondi angapo. Chophimba cha chitseko muchibwezere mutayesa galasilo kukwera ndi kutsika kangapo.