Momwe mungasinthire mafuta a mabuleki ndi a klatchi pa galimoto yakale

Eni galimoto ambiri saiwala oilo wa injini, ndipo makilomita osinthira amawadziwa pamtima. Koma mukafunsa kuti mafuta a mabuleki anasinthidwa liti, yankho lomwe limamveka kawirikawiri n'lakuti: "Ndimangothirira akatsika." Kuthirira si kusintha ayi. Galimoto zambiri zomwe zili pamisewu yathu, ma Corolla, ma Probox, ma Hilux ndi zinzake, zinafika kuno zitayenda kale zaka zambiri kwina, ndipo palibe amadziwa kuti mafuta ali mkatimo anathiridwa chaka chanji. Kathanki kakhoza kukhala kodzaza mpaka pamzere, koma mafutawo atatha ntchito kalekale.

Chimawononga mafutawa ndi madzi. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya, kudzera pa chitsekero cha kathanki ndiponso m'mapaipi amphira opita kumatayala. Amayamwa pang'onopang'ono, galimoto iziyenda kapena ingoima pakhomo, ndipo nyengo ya mvula imathandizira. Tsono taonani manambala ake. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 a Celsius, DOT 4 madigiri 230. Akalowa madzi okwana 3.7 peresenti yokha, mulingo womwe opanga amayesera, malirewo amatsika kufika pa 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. M'tauni simungazindikire kusiyana kumeneku chifukwa mabuleki amapeza mpata wozizira. Zimadzaonekera pa chitsetse chachitali monga cha Chiweta, cha ku Thabwa potsikira ku Chikwawa, cha Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena pochokera Ku Chawe galimoto itadzaza anthu ndi katundu. Mabuleki akatentha, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mumaponda, pedulo n'kungolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Choopsa china n'chakuti ikazizira mabuleki amabwereranso, mwini wake n'kumati zinangochitika.

Madzi omwewo amadyanso zitsulo chamkati. Dzimbiri limagwira mapisitoni a mu caliper (chitsulo chomwe chimafinya mapadi a mabuleki kutayala) ndi m'masilinda a kumbuyo, timphira n'kuyamba kuchucha. Botolo la mafuta ndi lotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi master cylinder yatsopano, pampu yomwe imakankha mafuta kupita kumatayala mukaponda pedulo. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, posayang'ana makilomita. Kwa ine, galimoto iliyonse yomwe mwangoigula kumene ndipo mbiri yake simukuidziwa, iyi ndi ntchito yoyambirira, ngakhale musanaganize za wailesi kapena marimu.

Zoti mukonzeretu

Yambani n'kuwerenga chitsekero cha kathanki ka mafuta a mabuleki. Pamalembedwa mtundu wofunika, nthawi zambiri DOT 3 kapena DOT 4. Pofuna DOT 3 mukhoza kuthira DOT 4, koma pofuna DOT 4 musatsike. Chenjerani ndi DOT 5: ameneyo ndi wa silicone, sasakanikirana ndi enawa, ndipo ndi wosiyana ndi DOT 5.1 ngakhale mayina akufanana. Ndipo oilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa pawa sitiyelingi asayandikire n'komwe. Pang'ono pokha amatupitsa timphira tonse ta mabuleki, ndiye kuti mudzasintha zonse.

Lita imodzi imakwana pa galimoto yaing'ono, mabuleki ndi klatchi yomwe. Gulani mabotolo omata bwino, m'sitolo yomwe mumaikhulupirira. Mafuta opungulidwa m'botolo lina, kapena kabotolo kotsegula kale komwe kakhala m'buti chaka chonse, n'chimodzimodzi omwe mukufuna kutayawo.

Mufunikanso sipanala ya ring, kawirikawiri ya 8 kapena ya 10, kapaipi kapulasitiki koonekera mkati kokwana bwino pa nipple (kanati kotulutsira mafuta kutayala), botolo loyera lopanda kanthu, sirinji yaikulu, nsanza, madzi m'ndowa, mafuta opopera omasula dzimbiri, jeke ndi ma stand achitsulo. Musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Chomaliza, pezani mnzanu woti akhale pampando wa dalaivala. Akhale munthu womvera, osati woseweretsa foni.

Kuyamba ndi kathanki

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, ikani miyala kumatayala. Pukutani mozungulira chitsekero musanatsegule kuti fumbi lisagwere mkati. Yalani nsanza, chifukwa mafutawa amadya penti. Akadonthera, tsukani pomwepo ndi madzi ambiri, osangopukuta.

Ndi sirinji ija, yamwani mafuta akale m'kathanki koma musiye pang'ono pansi, kuti timabowo tolowera mu master cylinder tisaonekere. Mudzaona okha mtundu wake: atsopano amakhala oyera mwachikasu pang'ono, akale amakhala ngati tiyi wopanda mkaka. Thirani atsopano mpaka pamzere wa MAX.

Kuyambira pano, lamulo lalikulu ndi limodzi: kathanki kasaume. Kakangouma, mpweya umalowa mu master cylinder, ndipo pa galimoto ya ABS (mabuleki oletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda mwadzidzidzi) ukhoza kukafika m'chipangizo cha ABS momwe nthawi zina sutuluka popanda makina a kugaraja. Muziyang'anamo pafupipafupi, mukapopa kasanu kapena kasanu n'kamodzi.

Tayala ndi tayala

Mwambo wake ndi kuyamba ndi tayala lomwe lili kutali kwambiri ndi master cylinder. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, master cylinder nayo kumanja, choncho ambiri amayamba kumbuyo kumanzere, kenako kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, n'kutsiriza kutsogolo kumanja. Galimoto zina zili ndi ndondomeko yakeyake, ndiye ngati buku lake lilipo, tsatirani bukulo.

Kwezani galimoto, ikhale pa stand, chotsani tayala. Nipple ndi kanati kakang'ono kobooka pakati, kokhala pamwamba pa caliper, kapena kuseri kwa dramu ngati kumbuyo kuli mabuleki a dramu. Nthawi zambiri kamavala kachipewa kamphira.

Apa ndi pomwe galimoto yakale imafuna mtima wodekha. Nipple yomwe yakhala zaka khumi osakhudzidwa imakhala itamatirira ndi dzimbiri, ndipo ndi yofewa kuthyoka. Ipaleni ndi burashi yawaya, ipopereni mafuta omasula dzimbiri, dikirani. Ngati n'kotheka, popani dzulo lake ntchito muyambe mawa. Gwiritsani sipanala ya ring yokwana ndendende, chifukwa yotsegula kukamwa imatafuna makona n'kusiya kanthu kozungulira kosagwirika. Gogodani pang'ono pa sipanala ndi chikhatho m'malo mokoka ndi mphamvu zonse. Ikakana, musaikakamize. Nipple ikathyokera mkati, ntchito ya masana amodzi imasanduka ulendo wokasaka caliper pamsika wa masipeyala. Ndi bwino kuisiya, n'kupita nayo galimoto kwa makaniko wodziwa kuzimasula.

Ikalola kusuntha, itsekeninso pang'ono, sipanala ikhale pomwepo, vekani kapaipi. Mbali inayo ilowe m'botolo momwe mwathiramo mafuta atsopano pang'ono, nsonga ya kapaipi imire, kuti mpweya usabwerere.

Musanayambe kupopa, ikani kathabwa kochindikala ngati masentimita awiri kapena atatu pansi pa pedulo ya mabuleki. Ambiri amadumpha apa, koma pa galimoto yakale n'pofunika kwambiri. Masiku onse pisitoni ya master cylinder imayenda kachigawo kochepa chabe, ndipo kutsogolo komwe sifikako kumakhala dzimbiri ndi litsiro. Mukapondereza pedulo mpaka pansi, timphira timakadutsa pamenepo n'kung'ambika. Ndiye mumamva munthu akudandaula kuti mabuleki anali bwino, angowasintha mafuta n'kufa.

Tsopano mugwirizane ndi mnzanu uja mawu ake. Inu mukati "Popani", iye aponde pang'onopang'ono katatu. Mukati "Gwirani", aponde n'kukhala chipondere, ayankhe kuti "Ndagwira". Pamenepo tsegulani nipple pang'ono chabe, kota ya kuzungulira yakwana. Mafuta atuluka, pedulo itsika mpaka pa kathabwa. Iye anene kuti "Yafika". Tsekani nipple, ndipo mukatseka m'pamene munene kuti "Siyani". Akasiya inu musanatseke, mpweya walowa, muyambirenso. N'chifukwa chake mawindo akhale otsegula ndipo wailesi ikhale chete.

Bwerezani mpaka m'kapaipi muyambe kudutsa mafuta oyera opanda timathovu. Tayala loyamba limatenga nthawi chifukwa paipi yake ndi yaitali. Enawo amafulumira. Potseka komaliza mangani mongokwanira, osati ngati nati ya tayala. Bwezeretsani kachipewa kamphira.

Tayala likadali kunja, gwiritsani ntchito mwayiwo. Pindani pang'ono paipi yamphira muone ngati yachita ming'alu kapena yatupa. Onani makulidwe a mapadi. Kuseri kwa dramu kukakhala konyowa ndi fumbi lomatirira, silinda ya mkatimo ikuchucha, ndipo mafuta atsopano sangachiritse zimenezo. Eni mapikapu akale ngati Hilux ayang'anenso chakumtunda kwa ekisero ya kumbuyo: pamakhala valavu yomwe imagawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu, ndipo pa zambiri imakhala ndi nipple yakeyake yomwe imafuna kutsegulidwa pomaliza.

Mukamaliza onse anayi, dzazani kathanki mpaka pa MAX, osapitirira. Mafuta amafuna malo ofutukukira akatentha.

Klatchi

Galimoto ya otomatiki ilibe gawo ili. Yamagiya apamanja, yang'anani kaye ngati klatchi yake ndi ya kebulo kapena ya mafuta. Ikakhala ya mafuta, mupeza kathanki kakang'ono pafupi ndi ka mabuleki, kapena kapaipi kochokera m'mbali mwa kathanki ka mabuleki komweko. Mafuta ake ndi omwewo a mabuleki, ndipo kawirikawiri amakhala akuda bii kuposa a mabuleki, chifukwa klatchi imapondedwa kosalekeza ndipo timphira take timanyenyekera momwemo.

Ngati klatchi ili ndi kathanki kakekake, yamwani akale, pukutani matope akuda omwe amakhala pansi pa kathanki ndi kansalu koyera kosasiya ulusi, thirani atsopano. Tsatirani paipi mpaka pa giyabokosi, pomwe pali slave cylinder (kasilinda komwe kamakankha klatchi) ndi nipple yake. Kachitidwe n'komwe kaja: aponde, agwire, mutsegule, mutseke, asiye. Kusiyana kuli pawiri. Koyamba, pedulo ya klatchi nthawi zambiri sibwerera yokha mukatsegula nipple, imangokhala pansi. Musadabwe, mnzanuyo aikoke ndi dzanja pang'onopang'ono. Kachiwiri, kathanki kake n'kakang'ono zedi, kamatha mukangopopa katatu kapena kanayi. Ndipo ngati klatchi imamwa m'kathanki ka mabuleki, kabowo kake kamakhala chapamwamba mwadala, kuti klatchi ikachucha mabuleki asathere mafuta. Choncho mukhoza kuona ngati mafuta alimo ambiri pomwe klatchi yayamba kale kuyamwa mpweya. Kathankiko kazikhala kodzaza nthawi yonseyi.

Fungatirani kamphira kophimba slave cylinder n'kukasenda pang'ono. Mkati mukakhala mafuta, silindayo yatha. Yang'ananinso m'galimoto, pamwamba pa pedulo ya klatchi pomwe kandodo kamalowera: kapeti akanyowa pamenepo, ikuchucha ndi master cylinder ya klatchi. Pa galimoto zina slave cylinder imakhala mkati mwenimweni mwa giyabokosi, ndipo ikawonongeka pamafunika kutsitsa giyabokosi yonse. Pa zoterozo kusintha mafuta nthawi yake kumapulumutsa ndalama zambiri.

Musanalowe mumsewu

Bwezerani matayala, tsitsani galimoto, mangitsani manati. Chotsani kathabwa kaja, musakaiwale. Injini isanalire, pondani mabuleki kangapo. Pedulo iyenera kulimba n'kuima pamalo amodzi. Ikakhala yofewa, koma n'kumalimba mukapopa, mpweya udakalimo, bwerezani. Mukaiponda kwa theka la mphindi n'kumatsika yokha pang'onopang'ono, pali pomwe pakuchucha kapena master cylinder yatha, ndipo galimotoyo isayende mpaka makaniko ataiona.

Lizani injini, pondani klatchi, lowetsani giya yoyamba kenako rivesi. Azilowa osakukuta. Akamakukuta, kapena klatchi ikamagwirira pansi penipeni, nayonso idakali ndi mpweya. Zonse zikakhala bwino, yesani mabuleki pa liwiro la munthu woyenda pansi pamalo opanda anthu, kenako muwonjezere pang'ono. Mukabwerako, gwadani muyang'ane nipple iliyonse ngati yauma, ndipo mawa lake m'mawa onaninso mzere wa m'kathanki.

Mafuta akale ndi poizoni. Musawathire m'ngalande kapena pansi pomwe nkhuku ndi agalu amayenda, ndipo musawasiye m'botolo la zakumwa pomwe mwana angalifikire. Atsekeni bwino, lembanipo, mukasiye ku garaja yomwe imasonkhanitsa mafuta otha ntchito. Otsala m'botolo latsopano mungathirire nawo m'masabata angapo otsatira ngati mwatseka zolimba, koma ntchito ngati iyi ikadzafikanso mudzagule botolo lina losatsegula.