Momwe mungakonzere zojambula zanu pa chionetsero choyamba chochitira limodzi ndi anzanu

Ojambula ambiri kuno ku Kasungu timayambira pa zikwangwani za maokala, mabutchala ndi malo ometera. Ndiye tsiku lina mnzanu akuimbirani foni: "Aise, tapeza malo ku Lilongwe, tikaonetse zithunzi zathu anthu asanu." Mtima umakhala m'mwamba. Komatu chithunzi chikatha kujambulidwa sikuti chakonzeka kukakwera pakhoma la gallery (nyumba yoonetseramo zithunzi), ndipo zambiri zimene zimasokonekera zimasokonekera mutatsuka kale burashi.

Choyamba, kambiranani ndi mwini malo musanagule ngakhale msomali. Mufunseni kuti khoma lanu n'lalitali mamita angati, zithunzi zifike tsiku liti (si tsiku lotsegulira ayi, zimafunika masiku angapo lisanafike), iye azitengapo zingati chithunzi chikagulidwa, ndalama zanu mudzalandira liti, ndipo chikang'ambika chili m'manja mwake alipire ndani. M'malo ambiri otere komishoni imakhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti, choncho musadzadabwe. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha. Nanunso asanu mugawane zolipira za mayendedwe ndi mapositala ndalama zisanayambe kulowa, poti pa ndalama ndi pamene ubwenzi umathera.

Chachiwiri ndi kusankha, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwa. Munthu umafuna kunyamula zonse zimene unajambula chichokere ku sekondale. Musatero. Zinayi kapena zisanu zogwirizana zimalankhula bwino kuposa khumi ndi ziwiri zobalalika. Jambulani pafoni zimene mwasankha, mutumizirane pagulu. Mudzapeza kuti atatu mwa inu muli ndi njovu za ku Lifupa, kumalo osungira nyama zakutchire a Kasungu, ndipo aliyense ali ndi mayi wosenza ndowa dzuwa likulowa. Wina alolere kusiya yake. Ine ndimaona kuti chimene chimaimitsa munthu pakhoma ndi chinthu chimene wojambulayo amachidziwa ndi maso ake: zala za agogo akusoka fodya pachigafa, akabaza akudikira makasitomala pa depoti, phiri la Kasungu m'mawa wa June nkhungu isanachoke.

Ngati muli ndi chithunzi cha gule wamkulu, pitani kaye kwa akuluakulu a kwanu mukawaonetse. UNESCO inazindikira gule wathuyu mu 2005 ndipo alendo amamukonda, koma za kudambwe si zopachika pakhoma. Amene mungathe, kaoneni mmene anachitira a Kungoni ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Chachitatu, lekani penti aume. Wa acrylic amauma tsiku lomwelo. Wa mafuta amanamiza: pamwamba amaoneka wouma pakatha sabata kapena ziwiri, koma mkati akadali wofewa, n'chifukwa chake vanishi amadikira miyezi 6. Ngati chionetsero chili mwezi wamawa, chithunzi cha mafuta chipite chopanda vanishi. Za makala ndi pastel zipopereni fixative (mankhwala ogwiritsa zojambulazo kupepala kuti zisafufutike) panja, pang'onopang'ono, kawiri. Mankhwala opopera tsitsi amagwira, inde, koma pepala limadzachita chikasu. Nthawi ya dzinja musatsamiritse kanivasi kukhoma lachinyezi kapena kuiika pasimenti, imachita chuku kumbuyo inu osadziwa. Osema ziboliboli, mtengo wauwisi umang'aluka ukauma. Tengani zimene zakhala kale miyezi, ndipo yang'anani ngati pansi pake sipakugwa ufa wa tizilombo.

Chachinayi, felemu. Kalipentala wanu mupatseni muyeso wolembedwa m'masentimita ndipo muumirire thabwa louma, apo ayi felemu idzapindika. Yosalala, yakuda kapena yamtundu wa thabwa lomwelo, ndi yokwanira. Chojambula papepala chisakhudze galasi. Pakati pakhale katoni yolimba yodulidwa ngati zenera. Kumbuyo mangani timphete tiwiri ndi masikuluwu, mutatsika gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba, n'kudutsitsamo waya. Chingwe cha mlaza kapena cha thumba la feteleza chisiyeni. Kumbuyo komweko matani kapepala: dzina lanu, mutu wa chithunzi, chaka, zimene munagwiritsa ntchito, kukula kwake ndi nambala ya foni.

Chachisanu, mtengo. Werengerani kanivasi, penti, felemu, mayendedwe ndi masiku amene munagwira, kenaka muonjezere komishoni ija. Uzanani mitengo pagulu, chifukwa zithunzi zofanana kukula zikasiyana mtengo kakhumi pakhoma limodzi, wogula amayamba kukayikira nonse. Ndipo wina akakunong'onezani kuti "tikumane panja mundichotsereko", kanani; mwini malo akamva, khomo limenelo latsekeka. Chithunzi chilichonse chijambuleni bwino pamthunzi chisanachoke pakhomo. Wogula amagula chithunzicho, koma ufulu wochisindikiza pa makalendala kapena malaya umatsala ndi inu, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa aluso pa ntchito zawo, ndi amene amathandiza pa nkhani zimenezi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi ulendo. Kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe pamsewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 130. Ulendo wanga woyamba ndinakulunga zithunzi m'nyuzipepala, n'kulola kondakitala aziike kubuti pamodzi ndi matumba a mtedza. Unali mwezi wa October. Pomafika, penti anali atafewa ndi kutentha, pepala litamatirira, ndipo pamphumi pa gogo amene ndinamujambula masabata atatu panali zilembo za nkhani ya mpira, zotembenuka. Ndinachezera kupala ndi kupentanso. Chichokereni pamenepo ndimayamba kuphimba ndi pepala lija amayalira keke, kenaka chitenje choyera, makona onse anayi ndimawaveka katoni, ndiye katoni ina yaphanthi mbali zonse ziwiri. Zithunzi ziyang'anane nkhope ndi nkhope, katoni pakati, ndipo ziyende choimirira. Pagalasi matani thepi mopingasa kuti likasweka lisacheke pepala. Lipirirani mpando wina m'basi, zikhale pambali panu.

Tsiku lopachika fikani mmamawa ndi hamala, misomali, thepi yoyezera ndi pensulo. Yambani mwazitsamiritsa zonse pansi m'mbali mwa khoma, muzisunthe mpaka zitagwirizana, osalimbirana malo apakhomo. Pakati pa chithunzi chilichonse pakhale masentimita 150 kuchokera pansi, ndipo timapepala ta mayina tilembedwe mofanana kwa nonse. Musanatuluke, mwini malo asayine pamndandanda wa zimene mwamusiyira, wina utsale kwa iye, wina mupite nawo ku Kasungu.