Mmene Mungafufutire Zobisika M'chithunzi Musanachitumize

Mukajambula firiji yogulitsa muli pakhonde la nyumba yanu ku Chilomoni, foni imalemba mkati mwa chithunzicho tsiku, nthawi, mtundu wa foniyo, komanso malo enieni amene munaima ngati GPS inali yoyatsa. Zolembazi zimatchedwa EXIF, ndondomeko imene inayambira ku Japan mu 1995, ndipo sizioneka pachithunzipo. Wogula wosamudziwa akalandira fayilo yathunthu, akhoza kuika manambala a malowo pa Google Maps n'kutulukira pageti panu osafunsa njira. Mu 2012, John McAfee, woyambitsa kampani ya mapulogalamu oteteza makompyuta, amene ankafunidwa ndi apolisi a ku Belize, anadziwika kuti ali ku Guatemala chifukwa atolankhani a magazini ya Vice anatulutsa chithunzi chake malo asanafufutidwe.

Yambani ndi kamera. Pa Samsung, lowani mu Settings za kamera ndi kuzimitsa Location tags. Pa iPhone, mukadina Share, sankhani Options ndi kuzimitsa Location musanatumize. Ngati zithunzi zili kale pakompyuta ya Windows, dinani chithunzicho ndi batani lakumanja la mausi, mutsegule Properties, kenako Details, ndipo pansi mupeza Remove Properties and Personal Information. Pamenepo sankhani kupanga kope latsopano, chifukwa choyambirira chija, chokhala ndi tsiku ndi nthawi, chingadzakuthandizeni pofotokozera a inshuwalansi za ngozi ya galimoto.

Msampha weniweni uli pa WhatsApp. Chithunzi chotumizidwa mwanthawi zonse chimachepetsedwa ndipo EXIF imachoka, koma ambirife tinazolowera kutumiza ngati Document pofuna kuti chisawonongeke, osadziwa kuti njira imeneyi imanyamula zonse, ndi malo omwe. Imelo nayo imatero. Kwa m'bale wanu palibe vuto, koma kwa munthu amene mwangodziwana naye pagulu la malonda, tumizani kope lofufutidwa lija.

Kufufuta nako kumafuna kusamala. Mu EXIF muli chizindikiro chouza kompyuta mbali imene ili kumwamba, ndipo mapulogalamu ena akachichotsa, chithunzi cha chinkhoswe chimatuluka chogona cham'mbali. Chitseguleni kaye musanapite nacho kokatsukitsa ku Limbe. Kumeneko eni iPhone amakumananso ndi vuto lina: kuyambira 2017 mafoniwa amasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, umene makompyuta akale amakana kutsegula. Lowani mu Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible, ndipo zimene mudzajambule kuyambira pamenepo zidzasungidwa mu JPEG, mtundu wa fayilo umene makompyuta akale amatsegula.