Mzati wautali si yankho: ana awerenge manambala a m'mbali mwa galafu

Teremu ino ndayendera makalasi angapo a masamu kuyambira cha ku Jali mpaka kutsikira mbali ya kunyanja ya Chilwa, ndipo vuto limene ndalipeza pa phunziro la magalafu ndi limodzi pafupifupi paliponse. Mphunzitsi amajambula pabolodi galafu ya mizati, imene mabuku a Chingerezi amaitcha bar graph, ndipo amaijambula ndi dzanja lokha popanda rula, kenaka n'kufunsa kuti, "Mzati wautali kwambiri ndi uti?" Kalasi yonse imayankhira pamodzi mokweza, ana n'kudziombera m'manja, phunziro n'kuthera pomwepo. Funso limeneli ngakhale mwana wa kusukulu yamkaka akhoza kuliyankha, chifukwa likungofuna maso basi. Manambala amene ali m'mbali mwa galafu, omwe ndiwo mwini nkhani, palibe amene akuwalozako chala.

M'kalasi ina ya Sitandade 4 ndinapeza galafu ya zipatso zimene ana amakonda: mango, nthochi, magwafa ndi masuku. M'mbali mwake mphunzitsi analemba 0, 2, 4, 5, 10, ndipo mipata ya pakati pa manambalawa inali yofanana, ngati kuti kuchoka pa 4 kufika pa 5 ndi mtunda womwewo wochoka pa 5 kufika pa 10. Mzati wa mango unafika pa 10, wa nthochi pa 5. Ndinapempha mtsikana wina wokhala kutsogolo kuti andiuze kuti okonda mango akuposa okonda nthochi ndi angati. Iye anapita pabolodi, n'kuika chala pamwamba pa mzati wa nthochi, n'kuchikweza mpata umodzi, ndipo anati, "Ndi mmodzi." Aphunzitsi ake anayamba kumudzudzula kuti samvetsera, koma ine ndinawaletsa, chifukwa mwanayo anawerenga ndendende chimene chinajambulidwa. Galafuyo ndiyo inanama. Mipata ikakhala yosagwirizana ndi manambala, kutalika kwa mzati sikutanthauzanso kanthu, ndipo mwana amene wazolowetsedwa kukhulupirira kutalika kokha amagwa m'mbuna imene mphunzitsi wake wamukumbira mosadziwa.

Chizolowezichi chimayambira m'makalasi aang'ono. Ndinaona ana a Sitandade 2 atandanda pansi mango anayi mzere umodzi ndi mtedza zisanu ndi ziwiri mzere wina, ndipo atafunsidwa kuti zambiri ndi ziti, onse anati mango, popeza mzere wake unali wautali. Aphunzitsi anachita bwino kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamudzi, monga momwe akhala akulimbikitsira a Malawi Institute of Education ku Domasi pa nkhani ya TALULAR, yomwe ndi njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka m'dera, koma zinthu za misinkhu yosiyana sizingandandidwe n'kuyerekezedwa ndi maso ngati chilichonse sichinapatsidwe malo ofanana ndi chinzake.

Ena ndikawauza izi amandiyankha kuti nafenso tinaphunzira choncho ndipo tinakhoza. Kunena zoona, yankho limeneli landitopetsa. Landitopetsanso khalidwe lowasiya ana akukopera galafu ya m'buku mpaka belu kulira, ena akuikongoletsa ndi mitundu, mphunzitsi n'kuchonga kope lililonse popanda kufunsa mwana ngakhale mmodzi kuti mzati wakewo ukuimira zinthu zingati. Kukopera si kuwerenga. Ndipo kuyankha kwa chigulu kumabisa ana ambiri amene akungotsegula pakamwa potsatira anzawo awiri kapena atatu ochenjera.

Mtengo wa ulesi umenewu umaoneka mwana akafika Sitandade 5, pamene masamu ayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Kumeneko safunsidwanso za mzati wautali, koma kusiyana kwa mizati iwiri, kuwonkhetsa yonse, kapena kupeza chiwerengero cha mzati umene wathera pakati pa manambala awiri. Mwana amene sanagwire mfundoyi m'Chichewa amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, chilankhulo ndi masamu omwe, ndipo amaisenza mpaka pa mayeso a Sitandade 8 amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB konkuno ku Zomba.

Komanso nkhaniyi sithera pa mayeso. Bambo wina wa m'komiti ya sukulu cha ku Mayaka, mlimi wa chimanga, atamva ndikudandaula za zimenezi anandikokera pambali. "Alangizi," anatero, "zimene mukunenazi zinandidyera ndalama ineyo." Anafotokoza kuti wogulitsa mbewu wina anamuonetsa pepala lokhala ndi mizati iwiri, ndipo mzati wa mbewu yatsopano unali wotalika kawiri kuposa wa mbewu imene iye ankabzala. Anagula mbewuyo pa mtengo wokwera akuyembekeza kuti nkhokwe idzasefukira. Patapita nthawi mdzukulu wake wa kusekondale anatola pepala lija n'kunena kuti, "Agogo, taonani, manambalawa sanayambire pa ziro, ayambira pa 16." Mzati wina unathera pa matumba 18, winawo pa 20. Kusiyana kwenikweni kunali matumba awiri okha, koma popeza mbali yapansi inadulidwa, awiriwo anaoneka ngati theka la zokolola. Bamboyo amadziwa kulemba ndi kuwerenga bwino lomwe, kungoti palibe amene anamuphunzitsa kuti galafu amayamba kuiwerengera pansi, pamene manambala ayambira.

Zoyenera kuchita si zovuta ndipo sizifuna ndalama. M'makalasi aang'ono gwiritsani ntchito zinthu za msinkhu umodzi, monga mabokosi a machesi kapena zitsekerero za mabotolo, ndipo lembani mzere umodzi pansi ndi choko kuti milu yonse iyambire pamenepo. Pabolodi gwiritsani ntchito rula, yambirani pa 0, ndipo mukasankha kudumpha ziwiriziwiri kapena zisanuzisanu musasinthe mpaka pamwamba. Makope a masamu ali ndi timabokosi kale, choncho mwana aliyense anene kaye kuti kabokosi kamodzi kakuimira zinthu zingati asanajambule mzati. Manambala atengeni m'kalasi momwemo, mwachitsanzo a m'kaundula osonyeza ana amene anajomba kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chifukwa ana amadziwa okha tsiku la msika ndipo adzatsutsa galafu ikanama. Funsani mwana mmodzimmodzi, osati gulu, mafunso ofuna nambala: ojomba Lachiwiri ndi angati, akuposa a Lachinayi ndi angati, onse pamodzi ndi angati. Ana a Sitandade 4 muwajambulire manambala omwewo kawiri, galafu ina yodumpha ziwiriziwiri ndi ina zisanuzisanu, kuti aone okha mizati ikufupika pamene chiwerengero sichinasinthe. Pa msonkhano wotsatira wa ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirana kuti asulidwe pa ntchito yawo, mphunzitsi aliyense abwere ndi kope la mwana mmodzi lokhala ndi galafu yochokera m'kaundula wa kalasi yake, ndipo tidzaziyeza ndi rula.