Kuyeza nthawi imene nyukiliyasi imasunga mphamvu: yambirani pa europium-152

Musathamangire ku accelerator, makina othamangitsa tinthu ta mu atomu, musanayese ntchitoyi patebulo. Ine ndimafuna wophunzira ayambe ndi kachidutswa ka europium-152, chifukwa yankho lake n'lodziwika kale, ndiye akalakwitsa adziwa yekha. Kamapezeka m'malabotale ambiri, ndipo theka lake limatha pakadutsa zaka 13.5, nthawi imene timaitcha half-life.

Europium-152 ikasintha imasanduka samarium-152 kapena gadolinium-152. Nyukiliyasi yatsopanoyo, phata la atomu, imabadwa ndi mphamvu yochuluka, n'kumaitaya pang'onopang'ono potulutsa gamma (cheza champhamvu kwambiri) mmodzi pambuyo pa mnzake. Gamma woyamba amatiuza kuti yafika pa mlingo wakutiwakuti, wachiwiri kuti yachokapo. Kamphindi ka pakatipo ndiko tikufuna.

Pezani ma detector awiri, zida zogwira gamma, a mtundu wa LaBr3(Ce), umene umayeza nthawi mwachangu. A germanium amasiyanitsa bwino mphamvu za gamma, koma pa nthawi ndi ochedwa. Ikani mtovu pakati pa awiriwo kuti gamma wogunda mmodzi asadumphire kwa mnzake.

Choyamba dziwani malire a zida zanu. Ikani cobalt-60, imene imatulutsa ma gamma a 1173 keV ndi 1332 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu) motsatizana pasanathe pikosekondi (ps) imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1 thiriliyoni a sekondi. Kwa zida zanu, awiriwa afika limodzi, choncho kutambasuka kumene muone pa graph n'kwa zidazo, osati kwa nyukiliyasi. Zikakhala bwino kumakhala pakati pa 200 ndi 300 ps.

Kenako bwezerani europium. Yambani ndi samarium-152: gamma wa 1408 keV ayambitse wotchi, wa 122 keV ayimitse. Samalani apa: mu LaBr3 momwemo muli lanthanum-138 imene imatulutsa 1436 keV, pafupi kwambiri ndi mzere wanu wa 1408 keV pa graph ya mphamvu. Pansi pa 122 keV palinso ma gamma a Compton, osiya gawo chabe la mphamvu yawo mu detector, ochokera ku mizere yam'mwamba, amene ali ndi nthawi yawoyawo. Yezani pambali pa mzerewo n'kuchotsera, apo ayi yankho lifupika. Graph ya nthawi idzakhala ndi mchira mbali imodzi. Pa log scale mchirawo umawongoka, ndipo kupendekeka kwake kukupatsani half-life ya 1.4 ns (1 ns ndi 1000 ps). Moyo wapakati, umene timaulemba τ, ndi pafupifupi 2.0 ns. Lembani momveka kuti mwapereka iti mwa ziwirizi.

Gadolinium ndi yovutirapo. Pa 779 keV ndi 344 keV half-life ndi pafupifupi 32 ps, moti mchira simuuona. Mumayeza mmene pakati pa graph pasunthira, kenako musinthanitse woyambitsa ndi woyimitsa. Kusiyana kwake ndi τ kawiri, kuphatikizapo kuchedwa kwa zida, kumene kumasintha malinga ndi mphamvu ya gamma. Kuchedwako muyenera kukuyeza pa mphamvu zosiyanasiyana, ndipo m'pamene pamapita nthawi yambiri.

Tsopano pa chimene ndimaikondera ntchitoyi. Munthu angaganize kuti gadolinium, potaya mphamvu msanga, ndiyo ili ndi ma protoni ambiri oyendera limodzi. Ayi ndithu. Liwiro la kusintha kwa E2, mtundu wa kusintha kumene kumatulutsa ma gamma a 122 keV ndi 344 keV, limakwera ndi mphamvu ya gamma yochulukitsidwa yokha kasanu, ndiye 344 keV yaposa kale 122 keV pafupifupi ka 180. Musaiwalenso kuti pa 122 keV, koposa theka la nthawi nyukiliyasi imapereka mphamvuyo kwa elekitironi m'malo motulutsa gamma. Mukasiya zimenezi, B(E2) yanu, nambala yosonyeza mmene ma protoni akuyendera limodzi, ikula kuposa kawiri. Mukawerengera zonse, samarium imapereka B(E2) ya pafupifupi 145 W.u. (Weisskopf units), gadolinium pafupifupi theka lake. Protoni imodzi payokha ikanapereka pafupifupi 1. Ndiye kuti mu samarium-152 ambiri akuyendera limodzi, ndipo nyukiliyasiyo si yobulungira, yatalika ngati dzira n'kumazungulira. Ili ndi ma nyutironi 90 pamene gadolinium-152 ili ndi 88, ndipo mwa ma nyukiliyasi olemera ngati amenewa maonekedwe amasintha msanga pakati pa 88 ndi 90.

Nthawi ikafupika kufika pa mapikosekondi ochepa, wotchi siithanso. Pamenepo mufunika plunger kapena DSAM, njira zimene zimadalira Doppler shift, kusuntha kwa mphamvu ya gamma wochokera mu nyukiliyasi yothamanga, ndipo zimafuna beam ya accelerator. Kwa ife a kuno kum'mwera kwa Africa, malo apafupi ndi iThemba LABS ku Cape Town, kumene kuli accelerator ya mtundu wa cyclotron, gulu la ma detector a germanium lotchedwa AFRODITE ndi ma detector a LaBr3.