Mmene mungadzichitire chifundo kuti mukule mu uzimu

Kuno ku chigwa cha Shire timadziwa kupepesa mnzathu. Chimanga cha mnansi chikamira ku dimba, kapena mbuzi zake zikapita ndi madzi, timakakhala naye pa mphasa n'kumulimbitsa mtima. Koma tsoka lomwelo likagwera ife eni, mawu amasintha: "Ndine chitsiru, ndikanasamukira kumtunda kalekale," kapena "Mulungu wandilanga poti sindipemphera mokwanira." Munthu wodziyankhula chotere amayamba kuchita manyazi kugwada, kenako amaleka kupita ku mphakati kapena ku Mvano, mpaka pemphero limamutheratu.

Yambani ndi kumvetsera mawu amene mumadziuza. Madzulo, ntchito itatha, khalani panokha kanthawi ndipo mutchule poyera zimene mtima wanu wakhala ukukunenani tsiku lonse. Mukatero dzifunseni ngati mawu amenewo mungawanene kwa mchemwali wanu amene wagwa m'vuto lomwelo. Ngati simungathe, asintheni mpaka afike poti munganene kwa iye osamuvulaza komanso osamunamiza. Pa Marko 12:31 timalamulidwa kukonda anzathu monga timadzikondera ife eni, kutanthauza kuti muyezo wake ndi umodzi, ndipo amene amadzizunza waswa theka la lamulolo.

Ntchito yovuta kwambiri ndi kulekanitsa mlandu wanu weniweni ndi zimene simukanatha kuziletsa. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya mabanja ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa m'misasa. Freddy anayambira kufupi ndi Australia n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean asanafike kuno, ndipo mvula ikagwa ku mapiri a Mulanje imatsika ndi mtsinje wa Ruo kudzakumana ndi Shire ku Chiromo, posayang'ana kuti m'mudzimo ndani amapemphera ndipo ndani sapemphera. Mayi amene anabzala pafupi ndi mtsinje anatero chifukwa kumtunda dzuwa limawotcha mbewu, ndipo ana amafuna nsima. Umenewo si mlandu wolapa; ndi chisoni chofunika kuchilira, ndipo mlaliki amene amausandutsa tchimo amangowonjezera katundu pa mutu wa munthu wotopa kale.

Komabe zolakwa zenizeni zilipo, ndipo kudzichitira chifundo sikuziphimba. Ngati munatenga ngongole ku banki m'khonde n'kuithera ku mowa, nenani momwemo popanda kuzungulira, lapani, pitani ku gulu mukagwirizane za kabwezedwe kake ngakhale pang'onopang'ono, ndipo mukapepese kwa akunyumba. Mukachita zimenezi, lekani kudzizenganso mlandu womwewo usiku uliwonse, pakuti madzi akatayika saoleka. Petro ndi Yudasi onse analakwira Ambuye wawo ndipo onse anamva kuwawa. Petro analira n'kubwerera kwa anzake, ndipo pa Yohane 21 anapatsidwanso ntchito yoweta nkhosa, pamene Yudasi anadzigamula yekha.

Thupi nalo lipatseni gawo lake. Mneneri Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula; anamupatsa mkate ndi madzi, ndipo iye anagonanso (1 Mafumu 19). Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa ku Ngabu kapena ku Nchalo kumapitirira madigiri 40, munthu amene watha tsiku akudula nzimbe kapena kulima pa dzuwa akasinza pa mapemphero a usiku, vuto lake ndi kutopa, osati kuzirala kwa chikhulupiriro. Pempherani m'mamawa kusanatenthe, ngakhale mwachidule. Kusala kudya n'kwabwino kwa amene angathe, koma mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala shuga ndi aliyense amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku asadzikakamize, ndipo asasiye mankhwala pofuna kuonetsa kuti ndi wolimba mu uzimu.

Katswiri wa za maganizo wa ku America, Kristin Neff, amene anayamba kufalitsa kafukufuku wake pa nkhaniyi mu 2003, amati kudzichitira chifundo kuli ndi mbali zitatu: kudzikomera mtima, kuvomereza ululu popanda kuukana kapena kuukulitsa, ndi kukumbukira kuti kulephera kumagwera anthu onse. Mbali yomalizayi ndi imene imasiyanitsa chifundo ndi kudzimvera chisoni, chifukwa wodzimvera chisoni amaganiza kuti ndi iye yekha amene zamuonekera. Choncho pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya ndi mkulu wa mpingo, shehe kapena azakhali, mumuuze zimene zikukudyani. Sankhani mosamala, chifukwa si aliyense wonyamula Baibulo amene amasunga pakamwa.

Ngati papita masabata musakugona bwino, chakudya chisakulowa, kapena mukuganiza zodzipha, musadikire kuti pemphero lokha lichotse zimenezo. Uzani wachibale lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala chapafupi mukafotokoze zonse monga zilili.